Mayenje Osazama a Curtis

Kwa a Haugen, m'tauni ina ya ku Minnesota, ku America, kunali pakhomo pa mtendere. Lamulungu lililonse banja lonse linkapita kutchalitchi, ndipo ngakhale bambo Dale atadwala sitiroko n'kuyamba kuyendera chikuku, m'nyumbamo munkamvekabe phwete. Chimene bambowo ankalakalaka chinali kuothera dzuwa panja, koma khomo lakuseri linali m'mwamba, la masitepe okhaokha.

Mwana wawo Curtis, mnyamata wa manja aluso koma waulesi wochita kununkha, analonjeza kuwamangira khonde la matabwa.

"Uyambe wakatenga chilolezo kukhonsolo," anatero bambo akewo. "Mayenje a nsanamira azame kupitirira pomwe nthaka imaundana ndi chisanu. Ndipo woyendera ntchito wa kukhonsolo asanawaone, simenti usathire."

"Ndamva, adadi."

Kumva anamvadi, koma dongo la kumeneko ndi lokanika. Dzenje loyamba litangofika m'mawondo, mnzake Brody anatulukira pagalimoto, mbedza ndi mowa zili kumbuyo.

"Aise, ukukumba manda a ndani? Anzako akupha nsomba, iwe uli pa fosholo!"

"Akuti mayenje azame, kenako adzaone a khonsolo."

"A khonsolowo ndi amalume ako? Thira simenti, kwirira, tiye. Nthaka siyankhula, amwene."

Curtis anaseka, nathira, nakwirira. Thabwa lalikulu logwira kukhoma, loyenera mabawuti, analikhoma ndi misomali chabe. Madzulo mayi ake a Marlys anamufunsa za woyendera uja.

"Wabwera muli kuchipatala ndi adadi. Wati zonse zili bwino."

"Ngati ukunama, mwanawe, sukunamiza ine. Pakhondepo padzakhala bambo ako."

Chisanu chinafika, khonde linakwiririka ndi chipale, nthaka inauma gwa n'kutukula nsanamira zosazamazo. Itasungunuka, mbali ina inatsala m'mwamba, ya kumasitepe inatitimira. Curtis anaona kupendekekako koma anangonyalanyaza.

Tsiku loyamba kufunda, a Marlys anatulutsa amuna awo pakhondepo n'kubwerera kukatenga khofi. Chikuku chinayamba kuyenda chokha kulowera kumasitepe. Bambo Dale, ndi dzanja lawo limodzi lamphamvu, analephera kuchiimitsa. Curtis, amene anali pabwalo, anathamanga nachigwira tayala lakutsogolo lili kale m'malere. Pomwepo misomali inalira, thabwa lija linasiyana ndi khoma, koma mwamwayi khonde silinagwe.

Mnyamatayo anagwada, misozi ili mbwembwembwe.

"Adadi, ndinakunamizani. Chilolezo sindinatenge. Mayenje ndi ofika m'mawondo basi. Ndikanakuphani ine!"

Bambowo anamuyankha kuti: "Kulira sikukumba dzenje, Curtis. Dzuka."

Ndipo anadzukadi! M'mawa mwake anapita yekha kukhonsolo, nakaulula zonse popanda kubisa. A khonsolo anamuuza kuti agwetse khondelo, ndipo anagwetsa thabwa lililonse ndi manja ake. Chilolezo chitatuluka, anachimata pawindo kuti aliyense wodutsa aone. Anakumba mpaka m'manja munatuluka matuza, matuzawo anaphulika, iye osasiya.

Brody anabweranso. "Koma aise, wapenga? Khonde limodzi kumanga kawiri?"

"Fosholo ina ndi iyo. Ngati sukumba, ndipatse mpata."

Brody anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kopita.

Woyendera, mayi Okerlund, anafika simenti isanathiridwe. Analowetsa tepi yoyezera m'dzenje lililonse, kenako anaseka.

"Iwe mnyamata, ukumanga khonde kapena ukusaka madzi? Thira, zakwana."

Khonde litatha anabweranso, nagwedeza zotchingira za m'mbali, nayang'ana mabawuti mmodzimmodzi, navomereza. Curtis anakuwa mpaka agalu a oyandikana nawo anayankha. Koma mtima wake unali usanakhazikike, chifukwa woyesa weniweni anali chisanu. Chinabwera choopsa kuposa chija, ndipo chinapita khonde lili nganganga.

Pa Pasaka anthu a kutchalitchi anadzaza khondelo, kwaya yonse ikuimba ndi kuponda mwamphamvu. Curtis anakankha chikuku mpaka pakati, koma manja osachotsa.

"Tasiya, mwana wanga," anatero bambo Dale.

"Adadi..."

"Ndati siya."

Anasiya. Chikuku sichinasunthe ngakhale pang'ono. Bambowo anatsinzina, nkhope ili kudzuwa, ndipo a Marlys analira ndi chimwemwe osachita manyazi.

Achinyamata, imvani. Ulesi suyenda wokha, umaitana bodza, ndipo ntchito imene wabisa pansi imadzagwera munthu amene umamukonda. Curtis anapeza mpata wolapa chifukwa anathamanga n'kufika. Ambiri safika.