Nthungululu ya Keziah

Keziah anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Nkhata Bay, pamtunda poyang'ana kudoko. Ankakhala ndi amayi ake ndi agogo ake aamuna. Agogowo ankawatchula kuti Asekuru.

Keziah ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Asekuru avinenso.

Kale Asekuru anali katswiri wa malipenga. Malipenga ndi gule wa amuna. Ovina amavala zoyera mbee. Malaya oyera. Kabudula woyera. Masokosi oyera ofika m'mawondo. Ena amaliza malipenga a zipanda. Wina amagunda ng'oma yaikulu.

Asekuru ankavina kutsogolo. Ankaponda monyada, chipewa chitapendekeka. Ankaponda ngati bwalo lonse anagula okha.

Ndiye panali Abuya, agogo aakazi a Keziah. Asekuru akafika pakati pa bwalo, Abuya ankalowa. Ankayimba nthungululu, "Lululululu!" Kenaka ankawapukuta thukuta ndi mpango wobiriwira. Nthungululu ya Abuya inkamveka mpaka kudoko.

Koma Abuya anadwala. Anadwala nthawi yaitali. A Dinah, anamwino a kuchipatala, ankabwera kunyumba. Ankabwera ndi mankhwala ochepetsa ululu. Ankawatembenuza bwino pabedi. Ankacheza nawo. Abuya anamwalira mwamtendere, nthawi ya mvula. Asekuru anali atawagwira dzanja.

Mvula inatha. Miyezi isanu inapita. Anthu a pamaliro anabwerera kwawo kalekale. Koma chisoni cha Asekuru sichinapite kulikonse.

Asekuru ankangokhala pampando. Tiyi ankazizira m'kapu. Chinangwa chinkauma m'mbale. Wailesi inali chete. Asekuru ankaonda. Lamba wawo anamuboola bowo latsopano.

M'nyumbamo palibe ankatchula Abuya. Amayi anachotsa chithunzi chawo pakhoma. Anachibisa m'sutikesi.

"Tisawakumbutse Asekuru," amayi anamuuza Keziah. "Angalire."

Tsiku lina kunabwera a Watson. A Watson anali mnzawo wa Asekuru. Ndiwo ankagunda ng'oma yaikulu ija.

"Ada Mhone," anatero a Watson kwa Asekuru, "sabata yamawa Loweruka tikuvina. Kutsogolo kulibe munthu. Anyamatawa akuponda ngati akupha nyerere. Tiyeni."

Asekuru anapukusa mutu. "Pitani, a Watson. Ine zanga zinatha."

A Watson anatsika mtunda mwakachetechete. Keziah anakhala pansi pafupi ndi mpando.

"Asekuru, miyendo ikupweteka?"

"Iyayi."

"Msana ukupweteka?"

"Iyayi."

"Nanga pakupweteka ndi pati?"

Asekuru anaika dzanja pamtima. Keziah anamva chisoni kwambiri.

M'mawa mwake a Dinah anabwera. Abuya atamwalira, iwo sanaleke kubwera. Ankati odwala akapita, otsala nawonso amafunika kuwaona. Keziah anawachingamira panjira.

"A nesi, muli ndi mankhwala a chisoni?"

A Dinah anagwada kuti afanane naye msinkhu. "Chisoni si malungo, mwanangu. Sichitha ndi mapilitsi awiri. Koma munthu akachilankhula, chimapepuka."

"Amayi anati tisatchule Abuya. Asekuru angalire."

A Dinah anapita kwa amayi kukhitchini. Analankhula modekha.

"Mayi a Keziah, misozi si matenda. Asiyeni alire. Nanunso lirani. Abuya aja anali amayi anu."

Amayi anasiya ntchito yawo. Kenaka anaphimba nkhope ndi chitenje. Analira. Keziah anadabwa. Sankadziwa kuti amayi nawo anabisa misozi.

Atatha kulira, amayi anatsegula sutikesi. Anatulutsa chithunzi chija. Anamupatsa Keziah.

Keziah anachiika pamiyendo pa Asekuru.

"Asekuru, ine ndawasowa Abuya."

Asekuru anayang'ana chithunzi. Misozi inatsika, yambirimbiri. Keziah anachita mantha. Anafuna kuthawa. Koma a Dinah anamukodola kuti akhale pomwepo. Keziah anakhala. Anagwira chala cha Asekuru.

Patapita nthawi, Asekuru analankhula.

"Nanenso ndamusowa NyaLongwe." Limeneli ndilo dzina limene ankawaitanira Abuya. "Ndinavina zaka makumi anayi. Zaka zonsezo iye analipo. Ndikalowa m'bwalo, khutu langa lidzadikira nthungululu yake. Ndipo sidzamveka. Chimenecho ndicho ndikuopa."

Keziah anaimirira. "Ndidzayimba ine."

"Iwe?"

"Ine."

Tsono pano panali vuto. Keziah anali ndi magweru. Mano awiri akutsogolo anali atachoka. Anatsegula pakamwa. Anakoka mpweya. Anayesa ndi mphamvu zonse.

"Fyuu."

Anayesanso.

"Fyuu."

Asekuru anapukuta m'maso. Anamuyang'ana mdzukulu wawo. "Imeneyo ndi nthungululu, kapena tayala la njinga laphwa?"

Amayi anaseka. A Dinah anaseka. Asekuru sanaseke, koma mlomo wawo unasuntha pang'ono. Tsiku limenelo anamwa theka la tiyi.

Keziah anayamba kuphunzira.

Anayesa kuseri kwa nyumba. "Fyuu." Nkhuku zinangomuyang'ana.

Anayesa popita kusukulu. "Lu... fyuu." Anzake anagwa nako kuseka.

Sitima ya Ilala inalira kudoko, "Puuu!" Keziah anaiyankha. "Lu... lu... fyuu." Sitima inapambana.

Madzulo ena amayi anamutenga kumsika. Kumeneko kunali a Ellen, ogulitsa usipa. A Ellen anali mnzawo wa Abuya. Keziah anawafotokozera zonse.

A Ellen anaika mbale ya usipa pansi. "Tayesa, timve."

"Lu... lu... fyuu."

Amayi onse a pamsika anaseka. Koma sanaseke mwachipongwe.

"Mvera, mwana wa mwana wa mnzanga," anatero a Ellen. "Lilime ligunde kumwamba. Mawu achokere m'mimba, osati m'mano. Abuya ako nawo anayamba ngati mwanapiye. Pang'onopang'ono ndi mtolo."

Keziah anabwereza njira yonse. Lilime kumwamba. Mawu m'mimba. Lilime kumwamba. Mawu m'mimba.

Asekuru nawo anali ndi sukulu yawo. A Dinah anawatenga kukakumana ndi agogo ena. Onsewo anaferedwa akazi kapena amuna awo. Ankakhala pamodzi n'kumacheza za okondedwa awo. Asekuru anapita monyinyirika. Koma anachedwa kubwera.

"Kunali bwanji, adada?" anafunsa amayi.

"Anthu aja amalankhula kwambiri," anatero Asekuru. Anakhala pampando. "Ndidzapitanso."

Lachisanu linafika. Amayi anatulutsa zovala zoyera zija. Anazisita ndi simbi ya makala. Kabudula anali atakula. Amayi anamubweza ndi singano.

"Ine sindinalonjeze," anatero Asekuru.

"Ifenso sitinafunse," anayankha amayi. "Tikungosita."

Pansi pa sutikesi panali mpango wobiriwira uja. Amayi anaupinda bwino. Anauika m'manja mwa Keziah.

Keziah anapita kuseri kwa nyumba. Anayesanso. "Lulu... fyuu." Mawa ndi Loweruka. Nthungululu inali isanapse.

Loweruka m'mawa, Keziah anadzuka. Anapeza Asekuru pakhonde. Anali atavala malaya oyera. Kabudula woyera. Masokosi oyera ofika m'mawondo. Chipewa anachigwira m'manja.

"Ndikukangoonerera," anatero Asekuru.

Munthu wokangoonerera savala masokosi otere. Koma palibe anawatsutsa.

Kubwalo kunadzaza anthu. Kunali ana a sukulu. Kunali onyamula katundu a kudoko. A Ellen anabwera ndi anzawo a kumsika. A Dinah anaima pansi pa mtengo wa mango.

A Watson anawaona Asekuru. Anangogunda ng'oma. Gu! Gu! Gu! Malipenga analira. Anyamata anapatuka. Anasiya malo kutsogolo.

Asekuru anavala chipewa. Analowa m'bwalo. Anaponda kamodzi. Anaponda kawiri. Anthu anaomba m'manja.

Anafika pakati pa bwalo. Apa ndi pamene Abuya ankalowera. Asekuru anatembenuza mutu. Khutu lawo linadikira.

Kunali zii.

Miyendo ya Asekuru inaima. Mapewa awo anagwa. Ng'oma inayamba kuchepa mphamvu. Anyamata anayang'anana. Asekuru anayang'ana njira ya kunyumba.

Keziah anathamanga. Analowa m'bwalo, mpango uli m'manja. Anatsegula pakamwa.

"Fyuu."

Ana ena anaseka. Keziah anamva manyazi. Misozi inalengeza m'maso. Koma anaona nkhope ya Asekuru. Akachoka lero, mwina sadzabweranso.

Lilime kumwamba. Mawu m'mimba. Keziah anatsinzina. Anakumbukira Abuya.

"Lululululu!"

Inatuluka! Inali yaing'ono. Kumapeto kwake kunali kamluzu. Koma inali nthungululu yeniyeni.

Amayi anailandira. "Lululululu!" A Ellen anailandira. Amayi onse a kumsika anailandira. Ngakhale a Dinah anaiwala zoti ndi a nesi. Bwalo lonse linagwedezeka.

Asekuru anakweza mutu. Anapendeketsa chipewa. A Watson anagunda ng'oma ngati yawalakwira. Gu! Gu! Gu!

Asekuru anaponda. Anapondanso. Anatembenuka mwaulemu ngati kale. Misozi inkatsika, miyendo inkavina. Ankalira ndipo ankavina, zonse pamodzi. Anyamata aja anaona mapondedwe enieni.

Keziah anakweza mpango. Koma anali wamfupi. Anadumpha, osafikira. Anadumphanso, osafikira. Asekuru anawerama pakati pa gule. Keziah anawapukuta nkhope. Anapukuta thukuta. Anapukutanso misozi.

"Yewo, mzukulu wangu," anathokoza Asekuru m'chiyankhulo cha kwawo. Ndipo anaseka. Anaseka mokweza, mano onse pamtunda. Keziah anasangalala kwambiri, mpaka anavina nawo.

Atafika kunyumba, Asekuru anapempha hamala. Anakhoma msomali pakhoma. Anapachikanso chithunzi cha Abuya. Keziah anakoleka mpango wobiriwira pambali pake.

Amayi anaphika mpunga ndi nsomba ya batala. Onse anakhala pakhonde. Anacheza za Abuya. Amayi anakumbukira tsiku limene Abuya anathamangitsa mbuzi ndi ambulera. Onse anaseka. Kenaka analira pang'ono. Kenaka anasekanso.

"Asekuru," anatero Keziah, "chisoni chatha?"

"Sichinathe, mwanawe. Mawa ndidzamusowanso NyaLongwe."

"Inenso ndidzawasowa."

"Basi, tiziwasowa limodzi."

Keziah anaganiza pang'ono. "Nthungululu ya Abuya inkafika kudoko. Yanga inafika kuti?"

Asekuru anatenga dzanja la Keziah. Analiika pamtima pawo, pamene pankapweteka paja.

"Inafika apa," anatero.

Kenaka anamasula lamba pang'ono. Anakweza mbale yawo. Munalibe kanthu.

"Kodi mpunga uja watsalako?"