Chilolezo Chimene Chinagona Miyezi Inayi

Mtembo unapezeka Lachinayi nthawi ya 4:20 madzulo, m'ngalande yokumba kumene kuseri kwa nyumba ya Aphunzitsi. Anali pulambala, bala lili kunkhongo, fosholo ili pambali. Wapolisi wofufuza milandu, yemwe anzake ankamutcha Mphuno, anatsikira m'ngalandemo n'kugwada m'matope ofiira. Paipi yaikulu ya suweji, imene nyumba zisanu za mumsewumo zinkagawana, inali itangobooledwa kumene.

Aphunzitsi anafotokoza misozi ili chuchuchu. Kwa miyezi inayi, Lachisanu lililonse ankapita kukhonsolo kukapempha chilolezo cholumikiza mapaipi a nyumba yawo yatsopano ku paipi yaikuluyo. Kalaliki ankawapatsa mpando ndi tiyi, kenako n'kuwauza kuti abwerenso sabata yamawa. Pulambalayo anali bwenzi lawo lamseri. Anapangana kuti bafa likangotha aulule za ukwati.

Anthu onse analoza chala telala wa nyumba yoyandikana nayo, amene analumbira poyera kuti paipi ikadutsa pampanda pake, pulambalayo adzamukwirira momwemo. Mkulu wa apolisi anafuna kuti Lolemba telalayo akaonekere kukhoti.

Lachisanu 8 koloko m'mawa, Mphuno anakhala ndi telalayo m'chipinda chofunsira mafunso.

"Pakamwa panga m'poipa, bwana, koma manja angawa amangodziwa singano," anatero telala. "Ndipo ndikanamupheranji? Munthu uja anali wouma mutu kuposa ine. Kukumba anakumba, koma ankati paipi ya anthu saboola asanaone chidindo cha khonsolo ndi maso ake."

Mphuno anasiya kulemba. Paipi ija inali yoboola. Ndiye kuti pulambala chidindo anachiona, pamene Aphunzitsi chilolezo anali asanalandire.

Pofika 11:15 anali mu ofesi ya injiniya wa khonsolo. Injiniyayo anatsegula buku lake n'kudabwa: chilolezocho anasaina miyezi inayi yapitayo, ndipo anachipereka kwa kalaliki wa pawindo lachitatu.

Kalalikiyo anali bambo waudongo, tsitsi lopesa bwino, ndipo patebulo pake panali makapu awiri a tiyi, imodzi yamaluwa yosagwiritsidwa ntchito tsikulo. Anati failo inasowa, komanso kumsewu umenewo sanapondeko chibadwire. Mphuno anakoka dilowa. Chilolezo chinali pansi pa mabuku, m'mphepete mwake muli zidindo ziwiri za zala zamatope ofiira.

"Matope awa alowa bwanji mu ofesi yokolopa chonchi, achimwene?"

Kalaliki anayang'ana kapu yamaluwa ija, imene ankamweramo Aphunzitsi Lachisanu lililonse. Kenako anaulula ndi mawu otsika. Chikalatacho anachibisa dala, poti chikanatuluka, Aphunzitsi sakanabweranso. Sabata yonse ankangokhalira Lachisanu. Dzulo lake analimba mtima, anavala tayi yatsopano, napita nacho yekha kuti akachipereke pamanja ndi kunena zakukhosi. Aphunzitsi anali asanaweruke. Anapeza pulambala, amene anachiwerenga, n'kumubwezera kuti chisade, n'kuyamba kuboola paipi akuimba mluzu.

"Anandithokoza, bwana. Akuti, 'Mwatimasula akulu, ukwati wathu umadikira pepala limeneli. Mudzabwere, mudzakhala kutsogolo.' Miyezi inayi ndikuwathirira tiyi Aphunzitsi, ukwati n'kukhala wa munthu wonunkha suweji? Fosholo inali pafupi."

Mphuno anatumiza uthenga woti telala amasulidwe, kenako anatulutsa unyolo. Kalaliki anapereka manja mosavuta, koma atafika pakhomo anaima. Anafunsa ngati Aphunzitsi anamutchulako powafunsa mafunso.

Mphuno anaganiza zonama, koma sanathe.

"Anakutchulani. Ndinawafunsa dzina lanu, anati sakulidziwa. Anangoti bambo aja a pawindo lachitatu."