Consolata Wasambitsa Ng'oma

Consolata anali mtsikana wa ku Ndake. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuliza ng'oma ya atate ake pa Khisimasi.

Ng'oma yake inali ng'oma! Ku Chipata kulibe yotele. Ku Lusaka kulibe. Pitani mpaka ku Tete, simukaipeza. Ikalila ku Ndake, a ku Nyalugwe amasiya makasu.

Khisimasi iliyonse makwaya amakumana pabwalo la tchalitchi. Amaimba za mwana Yesu. Amaimba za mvula. Amaimba za kubzala ndi kupalila.

"Chaka chino uliza ndiwe," anatelo atate ake, a Lazarous. "Manja ako akula."

Consolata analumpha ndi chimwemwe. Kenako anayang'ana ng'oma ija. Inali ndi fumbi. Inali ndi mwaye.

"Ine ndili ndi delesi latsopano," anaganiza. "Nanga ng'oma ipite yakuda?"

Anatenga sopo. Anatenga chidebe cha madzi. Anaitsuka, anaitsuka. Anaithila madzi, anaithilanso.

"Mailo uwala!" anaiuza ng'oma.

Khisimasi inafika. Kumwamba kunali mitambo yokhayokha. A ku Msanzala anabwela pa lole. A ku Nyalugwe anabwela pa njinga. Bwalo linadzaza.

Consolata anayesa ng'oma. Bu. Anayesanso. Bu. Inalila ngati dzungu lowola.

"Atate, ng'oma yadwala!"

A Lazarous anagwila chikopa. Chinali chonyowa. Chinali chofewa.

"Yanyowa bwanji? Denga lathu silidontha."

Consolata anayang'ana pansi. "Ndinaisambitsa mailo. Ndi sopo."

A Lazarous anaseka mpaka chipewa chinagwa.

"Mwana wanga, ichi ndi chikopa cha ng'ombe. Chikamwa madzi chimalefuka. Chikufuna kutentha."

Koma dzuwa kunalibe. Anayatsa udzu. Udzu unali wonyowa. Unangofuka utsi.

A ku Msanzala anayamba kuimba. Akatha iwo, a ku Nyalugwe. Akatha iwo, a ku Ndake.

"Ikapanda kuuma, tingoomba m'manja," anatelo atate.

Consolata sanafune kuomba m'manja. Ankafuna ng'oma. Misozi inalengeza m'maso.

Kenako anamva fungo. Fungo la vitumbuwa! Amai ake ankakazinga pakhonde la tchalitchi. Pa mbaula panali malasha ofiila.

Consolata ananyamula ng'oma. Inali yolemela. Anathamanga nayo choncho.

"Amama, ndibwelekeniko moto!"

"Iwe, suona anthu ali pamzele?"

"Amama, ng'oma ikumva kuzizila."

Amai anayang'ana mwana. Anayang'ana mzele. Anaphula poto wa mafuta.

"Amake Consolata, lelo tidya ng'oma?" anafunsa bambo wina. Mzele wonse unaseka.

Atate anafika. "Osayandikiza kwambili, ingapse. Zunguza pang'onopang'ono."

Consolata anazunguza. Anayesa. Bu.

A ku Msanzala anatsiliza.

Anazunguza. Anayesa. Bum.

A ku Nyalugwe anayamba. Anthu a pamzele anaiwala vitumbuwa. Wina anakupiza moto ndi chipewa. Wina anakupiza ndi chitenje.

Anazunguza. Anazunguzanso. Chikopa chinafunda. Chikopa chinalimba.

"A ku Ndake, bwelani!" anaitana woyendetsa mwambo.

Consolata anayesa komaliza.

Ndi! Ndi-ndi! Ndi!

"Yachila!" anakuwa amai, nkuimba nthungululu.

Consolata analowa m'bwalo. Delesi latsopano linali ndi phulusa. Iye sanasamale. Analiza ng'oma, kwaya inayankha. Anaimba za mwana wobadwila m'khola. Anaimba za mvula yoyamba.

Kuvina kwake! A ku Msanzala anavina. A ku Nyalugwe anavina. Woyendetsa lole anatsika, nayenso anavina. Mvula inayamba kuwaza, koma palibe anathawa.

Nyimbo zitatha, anakhala atatu pakhonde. Amai anamusungila chitumbuwa chachikulu. Consolata anachinyema. Anapatsa atate. Anapatsa amai.

"Waliza bwino, mwana wanga," anatelo atate. "Ng'oma iyi tsopano ndi ya tonse awili."

"Ndiye mailo ndiisambitsenso?"

"Ayi!" anakuwa atate ndi amai pamodzi.

"Ngati manja akuyabwa," anatelo amai, "poto wanga uyu."

Consolata anaseka. Anakumbatila ng'oma yake. Inali ikali yofunda.