Foda ya Malemu Goodwin

Ine si munthu wa nkhani za mizukwa. Ndinakulira mu kwaya ku Biwi, ndipo anthu akayamba za afiti ndimapeza chochita china. Koma izi ndinaziona ndi maso angawa, Lachinayi dzuwa lili paliwombo, mu shopu yomwe ndinagwiramo ntchito zaka zitatu ku Mchesi. Dzina langa ndine Zipora. Fatimah, mnzanga wa pa makina a fotokope, analipo kuyambira poyamba. Mayi Jacinta, mkazi wa malemu, anafika chakumapeto, ngakhale iwo mukawafunsa lero akuuzani kuti sakukumbuka.

Shopuyo inali ya Bambo Goodwin. Tinkataipa makalata ofunsira ntchito, mapologalamu a maliro ndi a ukwati, komanso kusindikiza zithunzi. Akuti wakufa sanenedwa zoipa, koma ine ndinena. Bambo aja anali auve. Ankadyera pa kiyibodi pomwepo, chipisi, mang'ina, kanyenya wa mbuzi, n'kunyambita zala, n'kubwerera pa mabatani osasamba m'manja. Chala chawo china chinali ndi bala la shuga losapola lomwe ankalimanga ndi kansanza, ndipo kukatentha fungo lake linkadzaza shopu yonse.

Kompyuta yokha ankaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Mausi sankaigwira, ati ndi ya aulesi. Batani la Windows pamodzi ndi E, mafoda atseguka. Kamuvi kotsika, Enter, alowa. Backspace, abwerera m'mbuyo. Alt ndi Tab, adumphira pa windo ina iwe usanaphethire n'komwe. Wantchito watsopano ankamuphunzitsa okha, makamaka akakhala mtsikana. Ankaima kumbuyo kwako mimba itagunda mpando, n'kuika dzanja lawo lathukuta pamwamba pa lako, n'kumakanikiza zala zako pa mabatani, mpweya wawo uli m'khosi mwako.

"Siya mausi, mwanawe. Zala zizolowere."

Ndinaphunzira msanga kuposa onse, osati chifukwa cha nzeru, koma kuti dzanja lija lindichoke.

Alt ndi Tab ankamukonda pa chifukwa. Tsiku lina ndinawatulukira kumbuyo mwakachetechete, zala zawo zinachedwa, ndipo ndinaona chomwe ankabisa. Azimayi ankabwera ndi mafoni kuti tiwasindikizire chithunzi chimodzi, koma bambo aja ankakopera zonse. Ankaziika mu foda yokwiriridwa mkati mwa mafoda ena asanu ndi imodzi, dzina lake Maliro Akale, kuti wina asachite nayo chidwi. Munali akazi a eni a m'dera lathu lomweli, ena atavala chitenje chokha, ena osavala. Ndinadzionanso ine, ndikusintha bulauzi m'kachipinda kosungira mapepala, chithunzi chojambulidwa kudzera pa mng'alu wa chitseko. Ndinapita kuseri n'kukasanza. Sindinanene kanthu kwa aliyense, chifukwa ntchito mu Lilongwe satola pansi, ndipo mpaka lero ndimadzida nazo.

Anamwalira mu Okutobala, kutentha kuli pachimake, n'kuikidwa Lachiwiri kuno ku tauni. Achibale awo ochokera ku Dedza anatseka shopu, anaphimba kompyuta ndi chitenje, n'kulamula kuti katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka atameta Loweruka. Koma pa maliro pomwepo ndinamva kuti mchimwene wawo wapeza kale wogula kompyutayo. Anali Shepherd, amene amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pafupi ndi msika. Chinthu chikafika m'manja mwa Shepherd m'mawa, dzuwa limalowa chili pa foni iliyonse ya mu Mchesi. Ine chinkhoswe changa ndi Lusayo chinali chitatsala masabata atatu, ndipo bambo ake ndi mkulu wa mpingo.

Makiyi ena a shopu anali ndi ine. Ndinamuuza Fatimah zonse, ndipo atamva kuti mwina nayenso alimo anavomera kundidikirira pakhomo. Anangondikumbutsa kuti achibale aletsa, ndipo katundu wa malemu, anthu asanamete, amakhala akadali ndi mwini wake. Ndinamuyankha kuti mwambo ndi wawo, koma thupi lili pa chithunzicho ndi langa.

Tinalowa cha m'ma thwelofu. Kunja kunali Mchesi ya masiku onse: owotcherera zitsulo akuthetheretsa moto, chigayo chikulira, oitanira minibasi akukuwa. Nditachotsa chitenje, fungo linandimenya kumaso. Silinali fungo la chipinda chomwe chakhala chotseka masiku angapo. Linali la bala lija, laliwisi, ngati munthu wangomasula kansanza. Pa kiyibodi panali ntchentche zitatu zobiriwira, ndipo nditazikupiza sizinauluke, zinangosendera pambali.

Ndinali nditalumbira kuti mabatani a malemuwo sindiwakhudza. Ndinayatsa kompyuta n'kugwira mausi. Kamuvi kanayenda bwinobwino mpaka pa foda yoyamba, ndinadina, osatseguka. Ndinadinanso. Kenako kamuvi kanauma pamalo amodzi. Ndinazula chingwe, n'kuchilowetsa pa bowo lina, koma palibe chinasintha. Ndinatenga mausi ina pa tebulo la Fatimah, nayonso inangofa m'manja mwanga.

Njira inatsala imodzi, yomwe anandiphunzitsa eni ake.

Mabatani anali ofunda, ngati mpando womwe munthu wangonyamukapo. Ankamata ku zala. Ndinadina Windows ndi E. Mafoda anatseguka msangamsanga, ngati amandidikira. Kamuvi kotsika, Enter. Ndinalowa foda yoyamba, ndipo ndinazindikira kuti chigayo chasiya kulira. Enter, yachiwiri. Owotcherera aja anakhala chete. Yachitatu. Oitanira minibasi sankamvekanso. Pofika yachinayi, m'makutu mwanga munangotsala ntchentche.

Mpando unakankhidwa pang'ono kuchokera kumbuyo.

Sindinacheuke. Kukankha kuja ndinkakudziwa.

Kenako dzanja linatera pa langa. Lonyowa. Lolemera. Kansanza kankandikanda pa mfundo ya chala. Ndinayang'ana, panalibe kanthu, koma khungu la kuseri kwa dzanja langa linali litalowa m'malo anayi.

"Zipora," Fatimah ananong'ona ali pakhomo. "Dzanja lakolo."

"Ndaona. Usasunthe."

Mpweya unandifika m'khosi. Unkanunkha anyezi ndi mafuta a mbuzi.

Chomwe chimandinyansa mpaka lero n'chakuti dzanjalo silinkandiletsa. Linkandilondolera. Linakanikiza chala changa pa kamuvi, n'kupita nacho pa Enter. Yachisanu. Yachisanu ndi chimodzi. Maliro Akale. Pansi pa sikirini panalembedwa kuti muli zithunzi 311. Dzanja lija linatsitsa chala changa mzere ndi mzere, modekha, kudutsa nkhope za amayi omwe ndimapemphera nawo, mpaka linaima pa ine. Linadina Enter. Chithunzi changa chinadzaza sikirini yonse, ndipo mpweya uja m'khosi unayamba kufulumira.

Apo mantha anandithera, kunatsala ukali wokhawokha. Ndinalimbitsa zala. Alt ndi F4, chithunzi chinatsekeka. Backspace, ndinatuluka. Foda ili pamenepo, ndinakanikiza Shift ndi Delete pamodzi, kufufuta kosadutsira mu bini, n'kumenya Enter. Inachoka. Dzanja linanyamuka, ndipo ndinapuma koyamba.

Mabatani awiri a pakona yakumanzere analowa pansi okha. Ctrl ndi Z.

Foda inabwerera.

Aliyense amene anagwirako kompyuta akudziwa kuti Ctrl ndi Z amabweza chomwe wangochita kumene, koma chofufutidwa ndi Shift sachibweza. Anandiphunzitsa zimenezo ndi Bambo Goodwin omwe. Ndinafufutanso. Mabatani analowanso, pang'onopang'ono, ngati munthu wosafulumira. Inabwerera. Kachitatu chimodzimodzi, koma ulendo uno foda inatseguka yokha, ndipo nambala ya pansi ija inali 312.

Chithunzi chatsopanocho chinali pamapeto. Chinkaonetsa khosi langa, thukuta likutsika, ndi bulauzi yachikasu yomwe ndinavala tsiku lomwelo. Wojambulayo anaima kumbuyo kwa mpando, n'kuwerama.

Fatimah anayamba kupemphera chapansipansi. Ine ndinatsegula dirowa ndi dzanja lamanja, n'kupeza sizasi yodulira mapepala. Ndinalowetsa nsonga yake pansi pa batani la Z n'kukanula. Linathothoka ngati dzino lovunda. Pansi pake panali phala lakuda la mafuta, nyenyeswa ndi zikhadabo zowenga, ndipo m'phalamo munkayendayenda mphutsi zoyera, zonenepa. Imodzi inakwera pa sizasi. Ndinamva Fatimah akusanza pafupi ndi makina ake. Ndinadula ndi kamphira ka pansi pa batanilo, kuti pasatsale chodina.

Dzanja linabwerera, koma tsopano pa mkono. Linafinya. Chinyezi chake chinkatsikira m'chikhatho mwanga. Ndinayesa kufikira Shift, zala zinangotsala pang'ono. Linandikokera m'mbuyo, msana wanga n'kugunda chinthu chofewa ndi chofunda.

Chitseko chinalira. Anali Mayi Jacinta, atavala zakuda, duku litafika m'maso. Tinamva pambuyo pake kuti ankapita kumsika ndipo anaona loko ali pambali. Anaima, n'kununkhiza kamodzi. Sanayang'ane ine kapena Fatimah. Anayang'ana pamwamba pa mutu wanga, pomwe pangakhale nkhope ya munthu woimirira, ndipo analankhula motsitsa, motopa, ngati mawu omwe anawanena kambirimbiri.

"A Goodwin, musiyeni mwana wa eni. Zakwana."

Mkono unamasuka.

Backspace, Shift, Delete, Enter. Foda inachoka. Batani la Ctrl linalowa pansi lokha, n'kutuluka. Linalowanso. Linalowanso kachitatu, mwamphamvu, mpaka kiyibodi inagwedezeka. Kenako linasiya. Ntchentche zija zinauluka, chigayo chinayambanso kulira, ndipo wina panja anakuwa kuti Tauni, Tauni, malo awiri.

Mayi Jacinta anali ataona zomwe zinali pa sikirini, koma sanadabwe ngakhale pang'ono. Anangondiuza kuti ndizimitse, ndiphimbenso chitenje monga chinalili, ndipo achibale asamve kuti tinalowa, chifukwa anganene kuti iwo ndi amene atituma. Ndinawafunsa ngati ankadziwa za fodayo. Anakonza duku lawo n'kundiyankha kuti ndikadzalowa m'banja ndidzadziwa kuti ukwati ndi kupirira. Zaka zitatu ankandipatsa moni, kunditcha mwana wawo, kundibweretsera mandasi, akudziwa chomwe chinali pa kompyuta ija. Kunena zoona, mawu amenewo anandinyansa kuposa mphutsi.

Batani la Z ndinakaliponya m'chimbudzi cha kumsika. Dzanja ndinalisamba ndi sopo, ndi phulusa, ndi parafini, koma masiku awiri athunthu ndinkadya ndi supuni chifukwa cha fungo. Fatimah anasiya ntchito tsiku lomwelo, pano akugulitsa zovala ku Kawale, ndipo amene akukayika akamufunse. Loweruka anameta, Shepherd n'kudzanyamula kompyuta pa njinga. Sabata yoyamba inadutsa zii, yachiwirinso chimodzimodzi. Ndinayamba kugona tulo, ndinakayesa diresi kwa telala, ndinafika podziuza kuti zatha.

Dzulo ndinakumana ndi Shepherd pa siteji. Anandiimitsa akuseka, ati inu a kwa Goodwin munatigulitsa kiyibodi yowonongeka, yopanda Z, yonunkha ngati khoswe wakufa. Anati anaitaya kudzala tsiku lomwelo, ndipo Lachitatu lapitali wagula ina yatsopano m'tauni, ya mu katoni. Ndinamufunsa ngati ikugwira bwino ntchito.

"Katundu wa masiku ano, sisi, ndi feki," anatero. "Yatsopanotu, koma mabatani awiri apakona akumangolowa okha. Kenako pakumabwera kafoda kena kake. Ndakhala bize, sindinakatsegule. Ndikaona ndikapeza mpata."

Ndinamupempha kuti asakatsegule, angokafufuta. Anandiyang'ana, chidwi chikuonekera m'maso, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti ndalakwitsa kunena.

Chinkhoswe ndi Loweruka likudzali. Achibale a Lusayo afika kale kuchokera ku Karonga, ali kwa azakhali ake ku Area 25. Foni yake ikalira ine ndili pafupi, ndimasiya chomwe ndikuchita n'kuyang'ana nkhope yake pamene akutsegula.