Uthenga wa Bambo Mphepo

Izi si zopeka. Amene anaona ndi maso ndi anamwino a Phyllis, ndipo mpaka lero akamafotokoza amatsitsa mawu.

Bambo anga, a Mphepo, anafa ziwalo zaka ziwiri zapitazo. Kuyenda kunatha, kulankhulanso. Ndinasiya koleji kudzawasamalira, ndinalephera, mpingo n'kuwatengera kunyumba yosungirako okalamba kwa Kaomba.

Lamulo la kumeneko n'loti wodwala akasintha, muimbire achipatala msanga. Koma kwathu kuno wodwala sapita kuchipatala eni mbumba asanamve. Lachitatu lina masana, gogo Nabanda a chipinda choyandikana ndi cha bambo anayamba kubanika. Elube, wowasamalira, anathamangira pachulu pomwe pamagwira netiweki, n'kumaimbira mchimwene wawo wa gogowo. Foni yozima. Anaimbabe.

Nthawi yomweyo kuchipatala, mtunda wa maola awiri wapansi, a Phyllis ankalemba m'kaundula. Anamva fungo la fodya wouma. Nkhuku panja zinangoti zii. Pakhomo panaima mkulu wovala jekete yakuda, chipewa m'manja.

"Odi, amayi. A Nabanda mpweya ukuwathera."

"A Nabanda ati, bambo?"

"A kwa okalamba. Kamtsikana kaja kakuimbira kolakwika. Fulumirani."

A Phyllis anatembenuka kutenga chikwama cha mankhwala. Pocheuka, palibe munthu.

Anakwera njinga yamoto. Anapeza gogo milomo itada, anawabaya jakisoni, mpweya unabwerera.

"Mwadziwa bwanji?" anafunsa Elube. "Ine sindinakuimbireni."

"Abambo aja mwawatuma aja."

"Abambo ati?"

Chitseko cha chipinda chinacho chinali chotsekula pang'ono. A Phyllis anasuzumira. Anagwira khoma.

"Ndi awa," ananong'ona.

Bambo anga anali chigonere. Thupi likadali lofunda. Mtima utaima. Mapazi awo, amene Elube anawasambitsa m'mawa, anali mbuu, fumbi lofiira mpaka m'akakolo.

Gogo Nabanda ali moyo, amadya bwino. Ndimawaonera patali.

Msewu wa kuchipatala umadutsa pachigafa chathu. Masana amenewo ndinali momwemo, ndikusankha fodya. Ndinamva mapazi akubwera mofulumira. Atafika pafupi, anachepetsa. Anaima pang'ono.

Sindinadzutse mutu.

Kenako anapitirira.