Dzenje la Khumi ndi Chiwiri

Kapitawo anatuluka pachipata teni koloko ya usiku itadutsa kale. Antchito onse anali ataweruka dzuwa likulowa, koma iye anatsalira m'kaofesi ka malata kudzaza mapepala, chifukwa m'mawa mwake kunkabwera malole asanu a konkire, akuluakulu a kampani ndi atolankhani. Nyumba imene ankamangayo inali ya nsanjika zisanu ndi zitatu, yoti mudzakhale mabanja makumi asanu. Maziko anali asanathiridwe n'komwe, koma wailesi inkaitchula kale ngati kuti anthu ayanika zovala pakhonde.

“Mpaka pano, bwana?” anatero mlonda akumasula loko. “Kunyumba akusakani ndi tochi.”

“Anazolowera. Amati ndili ndi mkazi wachiwiri, dzina lake simenti.”

“Ndiye wamng'onoyo ndi wansanje. Muyende bwino.”

Kapitawo anaseka, koma kuseka kwake kunathera pachipata pomwepo. M'thumba la jekete munali pepala limene anali atasayina, ndipo papepalapo panali bodza limodzi.

Maenje a maziko analipo khumi ndi awiri. Lamulo la ntchito linali lakuti dzenje lililonse aziliyesa asanathiremo konkire. Amaimika chitsulo chachitali pansi pa dzenje n'kumachikhoma ndi nyundo yolemera, uku akuwerenga. Nthaka yolimba imakana chitsulo, yofewa imachimeza. Maenje khumi ndi limodzi anawayesa, ndipo onse anakana bwinobwino. Pofika pa lomaliza, la pangodya ya kumunsi, anapeza omanga zitsulo atatsitsiramo kale chikhola chawo cha zitsulo zolukana. Kuchitulutsa kukanadya theka la tsiku. Kapitawo anayang'ana dzuwa, anayang'ana dzenjelo, kenako anatenga manambala a dzenje loyandikana nalo n'kuwakopera pamzere wotsalawo. Nthaka ndi imodzimodzi, anadziuza motero. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu za ntchito anali asanachitepo zotere, n'chifukwa chake injiniya sankavutika kuyang'ananso pamene iye wasayina.

Maminibasi anali atasiya kuyenda. Kwawo unali mtunda wa ola limodzi podzera msewu watsopano, umene unali usanatsegulidwe. Phula anali atathira mbali imodzi yokha. Mapolo a magetsi anaima pamzere mpaka kutali, onse opanda mababu. Anadutsa chikwangwani chachikulu chosonyeza nyumbayo itatha, ili ndi maluwa ndi ana oseka pakhomo. Mumdima ana aja ankaoneka mano okha.

Patsogolo pang'ono panali nyumba zakale zimene eni ake anasamutsidwa kuti msewu udutse. Madenga anali atasasulidwa, zitseko zitazulidwa, ndipo khoma lililonse linali ndi chizindikiro chofiira cha penti. Masana ankadutsapo osaganiza kanthu. Usiku umenewo anazindikira kuti panalibe ngakhale galu.

Ali pakati pa nyumbazo anamva kaphokoso kumbuyo.

Kwii... kwii... kwii...

Kanali ngati chogwirira cha ndowa yachitsulo, munthu akamayenda nayo ilibe kanthu. Anaima. Kaphokoso nako kanaima. Anayambanso kuyenda, ndipo ulendo uno anamvanso mapazi. Sanali a nsapato. Anali mapazi onyowa, omata pansi n'kumatuka, ngati a munthu amene wangotuluka m'dambo.

Mvula inali isanagwe miyezi isanu.

Fungo linafika kaye, la dothi lonyowa, la pansi penipeni pamene dzuwa silifika. Kapitawo ankalidziwa fungolo. Aliyense amene anakumbapo mozama amalidziwa. Atacheuka, munthu wina anali kale pambali pake, akuyenda naye phazi ndi phazi. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, wopanda malaya. Kudzanja limodzi ananyamula ndowa, kwinako kakhasu ka mpini waufupi.

“Mwaswera, akapitawo.”

Mawuwo anamveka ngati a munthu wolankhulira mumgolo.

“Ndaswera... kaya inu, akulu? Kodi tikudziwana?”

“Ine ndimakumvani tsiku lililonse. Jombo yanu yakumanzere imakwekwesa.”

Kapitawo anayang'ana jombo yake. Zinali zoona, bondo lakumanzere linkamuvuta. Anayesa kukumbukira nkhope za aganyu onse amene anawalembapo, koma sanafune kutembenuka kuti aone nkhope iyi. Anaonjezera liwiro. Mlendoyo sanaoneke kuti akufulumira, komabe sanatsale.

Kwii... kwii...

“Lero mwagogoda makomo khumi ndi limodzi,” anatero mlendoyo. “Ndimawerenga nanu. Ndinati tsopano afika kwa ine.”

Anayenda mapazi angapo.

“Simunafike.”

Kapitawo anagwira thumba la jekete. Za dzenje lija panalibe amene ankadziwa. Omanga zitsulo anali atapita kukasamba. Manambala anawakopera ali yekha, chitseko chili chotseka.

“Ndinu ndani?”

Mlendoyo anangopitiriza kuyenda. Kumbuyo kwawo kunali chinthu china chikukwekwereka paphula, chachitali, chosalekeza. Shwee... shwee... Ngati njoka. Kapitawo sanayang'ane. Mlatho watsopano unali pafupi, ndipo kutsidya kwake kunkaoneka kababu kamodzi ka pagolosale. Anaika maso pa kababuko. Akangofika apo, basi.

Anaponda pamlatho. Mapazi khumi. Makumi awiri. Pansi pake mtsinje unali wouma.

Mwadzidzidzi ndowa inalira, ngwe! Mlendoyo anaima ngati wamenya khoma.

“Chingwe changa chathera pano.”

Kapitawo sanafune, koma dzanja linachita lokha. Linatulutsa foni. Linayatsa tochi.

Mayo!

Munthuyo anali dothi yekhayekha. Dothi m'tsitsi. Dothi m'makutu. Dothi m'zikope, lodzaza, ndipo maso sankaphethira. M'chiuno anamanga chingwe chokhuthala, chakuda ndi kuwola. Chingwecho chinali chitakokeka kuti nga, osagunda pansi. Chinadutsa mlatho, chinadutsa pakati pa nyumba zopanda madenga, n'kulowa mumdima. Chinkaloza kumene Kapitawo anachokera.

“Anzanga anati akoka,” anatero munthuyo. Polankhula, timiyala tinkagwa m'kamwa mwake. “Ndikudikirabe.”

Kapitawo anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

“Pamwamba panga pali matabwa okha, akapitawo. Matabwa ndi dothi lokwirira. Mudzi ndinausenza. Zinyalala zanu ndinasenza. Mathirakitala ndapirira.” Anapendeketsa mutu ngati munthu wopempha ganyu. “Koma musandisenzetse nyumba. Sindingathe.”

Chingwe chinagwedezeka kamodzi.

Kachiwiri...

Kenako chinamukoka! Anapita chagada, zidendene zikukwekwereka paphula, manja ali m'mwamba, osakuwa. Ndowa inamutsatira ikugubuduka. Ngwe... ngwe... ngwe... Phokosolo linachepa, linachepa, mpaka linamveka ngati likutsikira pansi.

Kenako zii.

Kapitawo sanadziwe kuti anafika bwanji kunyumba. Mkazi wake anatsekula chitseko, anamuyang'ana, n'kumununkhiza.

“Mwamwa?”

“Ayi.”

“Bola mukanamwa, ndikanadziwa chochita nanu. Chakudya chili patebulo.”

Sanadye. Anakhala pabalaza atavala jombo, pepala lija lili pamwendo. Nkhani yake inali yosavuta kuiona. Akanena, ndiye kuti avomera pamaso pa mabwana ndi atolankhani kuti anasayina bodza, ndipo palibe kampani mumzinda wonse imene ingamulembenso. Akakhala chete, konkire ibisa zonse pofika masana. Mzati udzaima. Nsanjika zidzakwera, imodzi pamwamba pa inzake, ndipo mabanja makumi asanu adzalowa ndi mabedi awo. Mwina zaka zisanu. Mwina khumi. Anayesa kudziuza kuti anali atatopa, kuti munthu wotopa amaona zinthu. Anadziuza zimenezi mpaka atambala analira.

Pamene ankafika kuntchito, malole anali ataima kale pamzere, migolo yake ikuzungulira. Konkire sidikira munthu. Ikakhala maola awiri imayamba kuuma. Akuluakulu anali atavala zipewa zoyera zatsopano, ndipo wojambula ankawauza poti aime. Injiniya, mnyamata wa magalasi amene Kapitawo anamuphunzitsa yekha kugwira levulo yoyezera makoma, anabwera akumwetulira.

“Madala, pepala lija.”

Kapitawo anamupatsa. “Thirani onsewo. La kumunsi ayi. Sindinaliyese.”

“Mwasayina apa.”

“Ndinanama.”

Injiniya anavula magalasi. Anayang'ana kwa mabwana, n'kutsitsa mawu. “Madala, mukudziwa chimene mukuchita? Nthaka ndi imodzimodzi. Tithire, tikambirana madzulo.”

“Chotsani chikholacho.”

Mmodzi wa akuluakulu anali atamva. Sanakweze mawu. Anangoti chikholacho chichotsedwe, popeza zanenedwa pagulu, ndipo kaya nthaka ikana kaya ivomera, makiyi a ofesi Kapitawo akawasiye kwa mlonda.

Chimakina chonyamulira chinakoka chikholacho pang'onopang'ono. Omanga zitsulo ankatukwana chapansipansi. “Dzulo tsiku lonse tikuluka, lero akuti pasulani,” anatero wina. “Akuluwa analota chiyani?”

Kapitawo anatsika yekha pamakwerero. Pansi pa dzenjelo panali posalala, pouma, pofiira ngati ena onse. Anaimika chitsulo. Wantchito wina anakweza nyundo.

Kamodzi. Chitsulo chinakana.

Kawiri. Katatu. Kanayi. Chinangolowa pang'ono, ngati m'maenje ena aja. Pamwamba wina anaseka. Kapitawo anagwiritsitsa chitsulo. Ntchito ya zaka zonsezi, waitaya chifukwa cha mdima ndi kutopa.

Kasanu.

Kachisanu ndi chimodzi kanamveka mosiyana. Gu! Ngati ng'oma. Ngati chitseko.

“Menyanso,” ananong'ona Kapitawo.

Nyundo inatsika. Chinachake chinathyoka pansi pa mapazi awo, ndipo chitsulo chinapulumuka m'manja mwa Kapitawo. Chonsecho, chotalika kuposa munthu, chinalowa pansi n'kusowa. Panatsala kabowo kakuda. Onse anakhala chete, akumvetsera. Sekondi imodzi... ziwiri... zitatu...

Phava!

Madzi. Kutali kwambiri.

M'kabowomo munatuluka kamphepo kozizira. Wantchito uja anataya nyundo n'kukwera makwerero ngati nyani. Dothi la m'mbali mwa kabowoko linayamba kugumukira mkati, pang'onopang'ono, mpaka panaoneka m'mphepete mwa thabwa lakuda lofumbwa. Injiniya anakuwa kuti aliyense achoke pangodyapo, ndipo lole imene inali itabwerera kale m'mbuyo kudzathira anaibweza.

Kapitawo atatuluka m'dzenjemo anapeza mayi wina wachikulire ataima pamphepete. Anali mayi wogulitsa tiyi pachipata, amene ankakhalapo ndi ketulo yake kuyambira tsiku limene mpanda unamangidwa. Palibe anamuitana, ndipo palibe anamuletsa. Ankayang'ana thabwa lija.

“Mayi, chokanipo, pagumuka.”

“Ndikudziwa,” anatero mayiyo. “Chinali chitsime. Nyumba yathu inali apo pali mchengapo.”

“Chitsime? Bwanji simunanene?”

“Ndinawauza aja anabwera ndi mapepala otisamutsa. Anati pamapu palibe chitsime.” Anakonza mpango wake. “Sichinathe n'komwe. Amene ankakumba atangofika pamadzi, makoma a pansi anagumuka. Anzake anakoka chingwe masiku awiri, chinakana. Wolowamo panalibe, dothi linkagwabe. Ndiye anayala matabwa pakamwa n'kukwirira. Pambuyo pake anthu anayamba kutayapo zinyalala, malo n'kukwera.”

“Liti zimenezo?”

“Mvula ikubwerayi zikwana zaka makumi awiri.”

Kapitawo anasendera pafupi naye. “Wokumbayo... anali wamfupi? Wa mapewa otambalala?”

Mayiyo anatembenuka. Anamuyang'ana nthawi yaitali, m'maso mwenimweni, ndipo sanaoneke kudabwa.

“Anali amuna anga,” anatero. “Mwaonana nawo.”

Silinali funso. Kapitawo anavula chipewa. Kumbuyo kwawo malole ankalira, mabwana ankakangana, wojambula ankajambula dzenjelo.

“Anafunsa za ine?”

Kapitawo anatsekula pakamwa. Yankho lokoma linali pafupi, ndipo palibe akanalitsutsa. Analimeza.

“Ayi, mayi. Anangodandaula za nyumbayi. Anati sangathe kuisenza.”

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali pansi pa dzenje.

“Ndi iwowo,” anatero. “Nkhani zawo zinali za ntchito basi.”