Timano ta Disiki ya Amayi

M'nyumba ya bambo wokonza makompyuta munalibe zambiri, koma mtendere unalimo. Chipinda cha kumaso chinali shopu, cha kuseri chogona iwo, ndipo mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo ankagona pakati, moyandikana ndi makatoni. Ankamutcha Kachala, poti tizala take tinkalowa pomwe zala za bambo ake zakanika. Amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Anasiya nyimbo khumi ndi ziwiri zomwe anajambulitsa, zili mu disiki ya chikompyuta chakale cha pakona, chija cholira ngati chigayo.

Madisiki akalewo, amene amati IDE, amalumikizidwa ndi lamba wotuwa wotambalala, ndipo kumbuyo kwake kuli timano tachitsulo mizere iwiri.

"Kachala, tabwera uone mmene lambayu amalowera," ankatero bambo.

"Ababa, za nthawi ya Nowa izo. Akuzifuna ndani?"

"Mwanawe, disiki silemera ndi chitsulo, imalemera ndi zomwe yasunga. Katoni ya madisiki iyi usaigwire osandifunsa."

Mawuwo ankalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Pakhomopo pankadutsa mkulu wina wogula zitsulo zakutha, anthu ankamutcha Sikelo. Lilime lake linali loterera ngati sopo. Tsiku lina anapeza Kachala ali yekha m'shopu.

"Mlongo wanga, ukulondera manda a makompyuta? Anzako ali ndi mafoni, iwe uli ndi mphemvu. Undipatse zinyalalazi pang'onopang'ono, foni iyi ikhala yako. Madala sangadziwe, maso anatha kale."

Kachala anayamba ndi kuba malamba. Anatha onse, bambo osazindikira. Kenako disiki imodzi, kenako zitatu. Mtima unkagunda tsiku loyamba lokha. Tchimo lili ngati nsapato yatsopano, imaluma lero, mawa wayizolowera. Lachisanu anakhuthula katoni yonse, foni n'kulowa m'thumba mwake.

Loweruka m'mawa bambo anabwera akumwetulira, atanyamula kafani katsopano koziziritsira kompyuta.

"Chigayo chathu chidzuka lero. Chinkatentha kwambiri, ndiye ndinachotsamo disiki ya amayi ako n'kuisunga m'katoni kuti ingapse. Tandipatsira, tiwamve akuimba."

Bambo anasuzumira m'katonimo, anayang'ana mwana wawo, n'kukhala pansi mwakachetechete. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

Mtsikanayo anathamanga osavala ndi nsapato zomwe. Anapeza Sikelo atakhala pa mulu wa zitsulo, akuphwanya madisiki ndi hamala.

"Ndibwezereni, achimwene. Muli mawu a amayi anga."

"Ine ndimagula makilo, sindigula mawu. Bweza foni, ufukule wekha."

Anaponya foniyo, n'kufukula mpaka zala kuchucha magazi. Disikiyo anaipeza pansi penipeni, yophwanyika pakona, pali kapepala kolembedwa ndi dzanja la bambo ake: "Mkazi wanga." Kapepalako kanalipo kuyambira kale, iye ndiye analibe nthawi yowerenga. Anatolanso lamba mmodzi wamatope.

Kunyumba anagwada. "Ababa, ndine wakuba. Ndakuberani, ndaberanso amayi."

"Ndamva. Dzuka, timanoti tapindika, ndipo zala zanga sizingathe. Ntchito ndi yako."

Kachala anawongola kamodzikamodzi ndi kachopanira. Atamaliza anawerenga, n'kuwerenganso, misozi n'kuyamba.

"Timano tilipo makumi atatu ndi tisanu ndi tinayi, m'malo mwa makumi anayi. Kamodzi kathyoka, Ababa. Amayi ndawapha kachiwiri."

Bambo anaseka koyamba tsiku limenelo, uku akupukuta m'maso.

"Gwelu ameneyo ngwachibadwa, mwanawe, ngati wa amayi ako uja. Opanga madisiki anasiya dala mpata kuti munthu asalowetse lamba chozondoka. Ndinakuuzapo kangati? Unali kwa Nowa."

Analumikiza. Chigayo chinalira, disiki inagogoda ngati mlendo wamanyazi. Pa nyimbo khumi ndi ziwiri zija, inatseguka imodzi yokha. Mawu a amayi anadzaza shopu yonse, ofewa, okoka pang'ono kumapeto monga ankachitira akamachapa. Pakati pa ndime yachiwiri anaduka. Disiki sinadzukenso.

Kenako bambo anayamba kuimba pomwe panadukapo, ndi mawu awo osasa aja othawitsa nkhuku. Kachala analandira. Ndime yachitatu onse awiri sanaikumbuke, ndipo palibenso woti angawakumbutse.

Ana inu, kholo likati usagwire, si kuti likukumana. Limadziwa chomwe chili m'katimo. Kachala anakhululukidwa tsiku lomwelo, ndipo lero palibe womuposa pokonza madisiki akale. Koma chikhululukiro chimabweza mwana pakhomo, sichibweza zomwe anagulitsa. Nyimbo khumi ndi imodzi zinapita pa sikelo.